Mlandu wa William Palmer (1632): mfumu, eni malo ndi lamulo lobwerera kumudzi

M'mwezi wa Novembala chaka cha 1632, khoti la Star Chamber ku Westminster linagamula kuti William Palmer alipire chindapusa cha mapaundi 1,000. Munthuyu sanabe, sanaphe, ndiponso sananyoze mfumu. Mlandu wake unali wakuti anapitiriza kukhala mumzinda wa London pamene Mfumu Charles I inali italengeza, pa 20 Juni chaka chomwecho, kuti anthu apamwamba onse okhala ndi malo kumidzi achoke mumzindamo pasanathe masiku 40 n'kubwerera ku maesiteti awo. Lipoti lino likulongosola mlanduwo, zimene zinauyambitsa ndi zimene zinatsatira. Ndalilemba monga munthu amene ntchito yake ndi malamulo, ndipo funso limene landigwira mtima ndi lakuti: kodi udindo umene aliyense amavomereza kuti ulipo ungasanduke mlandu wolipitsa munthu chifukwa chakuti mfumu yanena?

Woimbidwa mlandu ndi zimene anadziteteza nazo

Palmer anali wa m'gulu limene Angerezi ankalitcha gentry, ndiwo eni malo olemera amene sankagwira khasu okha koma ankadya lendi ya alimi okhala pa malo awo, ndipo pa ulemu ankabwera pambuyo pa mabwana aakulu a ku House of Lords, chigawo chapamwamba cha Nyumba ya Malamulo. Banja lake linali ndi mizu ku Sussex ndi ku Somerset. Zolembedwa za nthawiyo zimati malo ake ankamubweretsera ndalama pafupifupi mapaundi 1,000 pa chaka, kotero kuti chindapusa chija chinali chuma chake cha chaka chathunthu. Munthu waganyu wa m'munda pa nthawiyo sankafika ngakhale mapaundi 15 pa chaka.

Mlanduwo unatengeredwa kukhoti m'dzina la mfumu, pa nthawi imene loya wamkulu wa boma anali William Noy. Palmer sanakane kuti anali ku London. Anapereka zifukwa zitatu: kuti anali asanakwatirepo, kuti anali asanayendetsepo khomo lakelake lokhala ndi antchito ndi alendo, ndiponso kuti nyumba yake ya kumudzi inali itapsa ndi moto zaka ziwiri zisanathe, moti analibe malo oyenera munthu wa ulemu wake woti akafikireko. Kwa woweruza wa masiku ano, chifukwa chachitatucho chikanamveka champhamvu ndithu, pakuti sitilamula munthu kukakhala m'nyumba imene kulibe. Koma nduna za mfumu zimene zinakhala pa mlanduwo zinaona kuti zifukwazo zikukulitsa mlandu m'malo mouchepetsa. Zinamudzudzula kwa nthawi yaitali chifukwa chotaya alimi ake ndi anansi ake, kenaka n'kumutchaja chindapusa.

Maganizo a oweruzawo sali ovuta kuwatsata. Munthu wolandira mapaundi 1,000 pa chaka amene wasiya bwinja la nyumba yake osalimanganso akusonyeza kuti alibe cholinga chobwerera. Umbeta wake sukumasula alimi ake ku lendi, choncho sungamumasule iyeyo ku zimene alimiwo ankayembekezera kwa mwini malo. Lendi inkachoka kumudzi chaka ndi chaka n'kukathera m'masitolo ndi m'nyumba zogona alendo za ku London, ndipo palibe chimene chinkabwerera.

Tiyenera kukumbukira mtundu wa khoti limeneli. Mu Star Chamber munkakhala nduna za mfumu pamodzi ndi majaji aakulu awiri. Munalibe gulu la anthu wamba othandiza kugamula mlandu monga zinalili m'makhoti ena, ndipo umboni wambiri unkaperekedwa molemba. Khotili silinkapereka chilango cha imfa, koma linkalipitsa, kutsekera m'ndende ndi kuchititsa munthu manyazi poyera. Zindapusa zake zikuluzikulu kawirikawiri zinkatsitsidwa pambuyo pake, chifukwa cholinga chachikulu cha chiwerengero cholengezedwacho chinali kuopseza ena. Pamenepa chinagwiradi ntchito. Simonds D'Ewes, mwini malo wa ku Suffolk amene ankakhala ku Islington kuti akhale pafupi ndi zikalata zakale zimene ankafufuza, anamva za chigamulochi, anavutika nacho mumtima, ndipo anasamuka ndi banja lake kupita ku Bury St Edmunds. Ndi bwino kuzindikira kuti kumene anapitako kunalinso kutauni, ngakhale inali tauni ya m'chigawo chakwawo.

Chifukwa chimene mafumu ankaumirira

Amene amawerenga mlanduwu mwachangu amauona ngati nkhanza chabe ya mfumu yofuna ndalama. Ine sindikuuona choncho, ndipo gawo lino ndi lalitali chifukwa vuto limene mafumu ankalimbana nalo linali lenileni.

Dziko la England la nthawi imeneyo linalibe apolisi olipidwa, linalibe gulu la asilikali lokhazikika, ndipo m'zigawo munalibe antchito a boma olandira malipiro amene mfumu ikanawatuma. Ntchito yonse yoyendetsa chigawo inali m'manja mwa eni malo omwewo, amene mfumu inkawasankha kukhala amajisitireti otchedwa Justices of the Peace popanda malipiro enieni. Iwowa ankakumana kanayi pa chaka kuweruza milandu, ankaika malire a malipiro a antchito motsata lamulo la 1563, ankapereka ziphaso za malo omwera mowa, ankayang'anira milatho ndi misewu, ankatsekera oganiziridwa milandu ikuluikulu podikira majaji amene ankayendera zigawo kawiri pa chaka, ndipo kuyambira pa malamulo a 1598 ndi 1601 ankayang'aniranso msonkho wothandizira osauka m'parishi iliyonse. Ena mwa iwo ankasonkhanitsa ndi kuphunzitsa amuna a m'chigawo zankhondo. Mwini malo akasamukira ku London, dera lonse linkatsala lopanda woti asaine chikalata chomangira wakuba kapena woti amve dandaulo la mayi wamasiye.

Vutoli linkaonekera poyera m'zaka za njala. Kuyambira m'ma 1580, boma linali ndi malangizo osindikizidwa ouza amajisitireti zochita zokolola zikavuta: kulowa m'nkhokwe za alimi aakulu ndi amalonda, kuwerenga tirigu ndi balere zimene zilimo, kukakamiza eni ake kuti azipititse kumsika, kuonetsetsa kuti osauka ayambe ndiwo kugula pang'onopang'ono amalonda asanafike, ndi kuchepetsa balere wopita kukafululira mowa. Ntchito yotere sichitika ndi kalata yochokera kutali. Imafuna munthu amene mlimi wobisa chakudya angamuope, amenenso khamu la anjala lingamukhulupirire akati dikirani.

Panalinso mwambo wochereza. Nyumba yaikulu ya mwini malo inkayembekezeka kukhala yotsegula, makamaka m'masiku 12 a Khirisimasi, pakati pa nyengo yozizira pamene ganyu wa m'munda ankasowa. Alimi ndi anansi ankadyera m'holo ya nyumbayo, zotsala zinkagawidwa kwa opempha pachipata, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri a m'deralo ankapeza ntchito ndi chakudya mmenemo. Bwana akatseka nyumba n'kupita ku London ndi antchito atatu kapena anayi, otsalawo ankachotsedwa ntchito, ndipo ena ankamutsatira kumzinda n'kukasanduka oyendayenda amene boma linkawaopa kwambiri.

Chilengezo choyamba chachikulu pa nkhaniyi chinatuluka mu Novembala 1596, mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I, pakati pa zaka zinayi zotsatizana, 1594 mpaka 1597, zimene mvula inaononga zokolola ndipo mtengo wa tirigu unakwera kuposa kawiri. Mwezi womwewo kalipentala wina wa ku Oxfordshire, Bartholomew Steer, anayesa kusonkhanitsa anthu pa Enslow Hill kuti aukire eni malo amene anatchinga minda ya anthu wamba ndi mipanda. Anabwera anthu owerengeka okha, koma boma linachita mantha kwambiri moti atsogoleriwo anawatengera ku London kukawafunsa mowazunza. Mu 1607 kunabuka chipolowe chachikulu kwambiri m'zigawo za pakati pa dziko pa nkhani yomweyo ya mipanda. Mafumu akamati eni malo abwerere kwawo, ankakumbukira zinthu ngati zimenezi.

Mfumu James I ndiyo inaiika nkhaniyi pamtima kuposa ena onse. Inatulutsa zilengezo zotere mu 1603, chaka cha mliri umene unapha anthu masauzande ambiri ku London, kenaka mu 1614 ndi 1615, mu 1617 pamene inali pa ulendo wopita ku Scotland, ndiponso kangapo pakati pa 1622 ndi 1624, pamene zokolola zinalephera ndipo kumpoto chakumadzulo kwa England anthu anafa ndi njala. Pa 20 Juni 1616, polankhula mu Star Chamber momwemo, James anadandaula kuti dziko lonse likuthamangira ku London, moti m'kupita kwa nthawi England adzangokhala London basi, midzi itasanduka mabwinja. Anayerekeza mzindawo ndi kapamba amene akatupa thupi lonse limaonda. Anati kukhala m'mizinda ndi khalidwe la ku Italy, pamene mwambo wakale wa Angerezi unali woti wolemera akhale pakati pa anthu ake. Francis Bacon, nduna ya mfumu komanso wolemba mabuku, anasunganso mawu ena a mfumuyi, akuti inkauza eni malo kuti ku London ali ngati zombo pakati pa nyanja zimene sizioneka kanthu, koma kumidzi kwawo ali ngati zombo mumtsinje zimene zimaoneka zazikulu. Mawu amenewa ndimawaona anzeru kuposa ziopsezo zonse, chifukwa ankakhudza chinthu chimene anthuwo ankachifunadi, ndicho ulemu.

Pa mfundo imodzi James analakwitsa. Anaika mlandu waukulu pa akazi, ponena kuti ndiwo ankakoka amuna awo ndi abambo awo kupita ku London chifukwa chofuna zovala zamakono. N'zoona kuti akazi ambiri a m'mabanja amenewa ankakonda mzinda, ndipo anali ndi zifukwa zomveka: m'nyengo yozizira misewu ya kumidzi inkasanduka matope, nyumba zinali motalikirana, madokotala odziwika anali ku London, ndipo kumeneko n'kumene mabanja ankakumana pokambirana maukwati a ana awo. Koma amunawo anali ndi zowakoka zawozawo zimene zinali zamphamvu kuposa nsalu, monga tionera m'munsimu. Chimene chili choona n'chakuti mu Disembala 1622 lamulolo linalumadi. John Chamberlain, amene makalata ake amatiuza zambiri za London wa nthawiyo, analemba kuti mabwana ambiri anapempha chilolezo choti atsale pa Khirisimasi koma anakanizidwa, ndipo ankalongedza katundu mbali zonse poopa zimene zingawagwere.

Charles I anabwereza zilengezozi mu 1626 ndi 1627. Kenaka zokolola za 1629 ndi 1630 zinavuta, malonda a nsalu anagwa, ndipo ku Maldon m'chigawo cha Essex anthu anjala, ambiri a iwo amayi, anakwera zombo kukalanda chakudya chimene chinkatumizidwa kunja. Mtsogoleri wawo Ann Carter anapachikidwa mu 1629. Mu Januwale 1631 boma linatulutsa buku la malangizo lolamula amajisitireti kuti azikumana mwezi ndi mwezi m'madera awo ndi kutumiza malipoti amene ankafika mpaka kwa nduna za mfumu. Dongosolo lotere silikanayenda eni ake ali ku London. Chilengezo cha Juni 1632 chinabwera ngati mnzake wa bukulo. Chinadandaula kuti chuma chikuchotsedwa m'zigawo zimene chimachokera n'kukaonongedwa pa zovala zochokera kunja ndi zosangalatsa zopanda pake, kuti osauka akumidzi sakuthandizidwa, ndi kuti khamu la anthu osowa chochita likutsatira olemerawo kumzinda. Chinapatula nduna za mfumu ndi amene ankatumikira kunyumba yachifumu tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake ndi zilengezo za James kunali kwakuti ulendo uno mayina a otsalira analembedwa, ndipo mmodzi wa iwo anaimikidwa pamaso pa khoti.

Funso la malamulo

Palibe lamulo la Nyumba ya Malamulo limene linkakakamiza mwini malo wamba kugona pa esiteti yake. Kumene Nyumbayo inafuna kuti munthu akhale pamalo, inanena momveka. Lamulo la 1529 linkalanga ansembe osakhala m'maparishi awo, ndipo malamulo akale ankafuna kuti sheriff, ndiye woimira mfumu pa zamalamulo m'chigawo, akhale m'chigawo chake pa chaka cha udindo wake. Za munthu ngati Palmer, amene ankaimbidwa mlandu monga mwini malo chabe, panalibe chilichonse cholembedwa kupatula chilengezo cha mfumu.

Mphamvu ya zilengezo inali itakambidwa kale. Lamulo la 1539, limene linapatsa zilengezo za Henry VIII mphamvu yofanana ndi malamulo a Nyumba, linafafanizidwa mu 1547. Mu 1610 aphungu anadandaula kwa James kuti zilengezo zachuluka ndipo zikulenga milandu yatsopano. Chaka chomwecho Jaji Wamkulu Edward Coke ndi majaji anzake anafunsidwa ngati mfumu ingaletse ndi chilengezo kumanga nyumba zatsopano ku London ndi kupanga sitachi kuchokera ku tirigu. Yankho lawo linali lakuti mfumu singasinthe lamulo kapena kulenga mlandu umene kunalibe popanda Nyumba ya Malamulo. Ingathe kuchenjeza anthu kuti asunge malamulo amene alipo kale, ndipo wonyozera chenjezo lotere mlandu wake umakula. Tikayesa mlandu wa Palmer ndi muyeso umenewu, chigamulocho sichiima, chifukwa kugona ku London sikunali mlandu tsiku la 19 Juni 1632, ndipo chimene chinasintha tsiku lotsatira ndi mawu a mfumu okha.

Mbali ya mfumu inali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Choyamba, maganizo a majaji a 1610 sanali chigamulo cha mlandu weniweni koma uphungu woperekedwa kwa nduna, ndipo anadzasindikizidwa mu 1656, Coke atamwalira kale mu 1634. Chachiwiri, Star Chamber inali ndi chizolowezi chakale cholanga kunyozera lamulo la mfumu monga mlandu pawokha. Chachitatu, ndipo ichi ndicho champhamvu, anthu ambiri a nthawiyo, kuphatikizapo eni malo amene, ankakhulupirira kuti malo amabwera ndi udindo, ndi kuti mfumu ili ndi mphamvu yoitana munthu aliyense kuti atumikire dziko pamene pali ngozi ya njala kapena nkhondo. Alaliki ankalalikira zomwezo, ndipo Thomas Coventry, amene anali mkulu wosunga chidindo cha ufumu, ankakumbutsa majaji za nkhaniyi asananyamuke kukayendera zigawo.

Nditaziyeza mbali zonsezi, ndikuona kuti udindowo unalipodi koma njira yake inali yolakwika. Mfumu inali ndi chida chovomerezeka m'manja: inkatha kuchotsa majisitireti aliyense pa udindo nthawi ina iliyonse, ndipo kwa anthu amene ankalimbirana mipando ya kutsogolo m'chigawo chawo, kuchotsedwa kotero kunali chamanyazi chachikulu. Inkathanso kupempha Nyumba ya Malamulo kuti ikhazikitse lamulo. Koma Charles anali atabalalitsa Nyumbayo mu Malichi 1629 ndipo sanaiitanenso mpaka 1640, choncho njira yachiwiriyi anadzitsekera yekha. Chinatsala ndi kulanga munthu pa chinthu chimene malire ake sanalembedwe paliponse. Kodi mwini malo ayenera kukhala kumudzi miyezi ingati pa chaka? Nanga wokhala ndi malo m'zigawo zitatu akhale kuti? Nanga wodwala, wamasiye, kapena amene nyumba yake yapsa? Mafunso onsewa ankayankhidwa ndi nduna zomwezo zimene zinalemba chilengezocho, zinasankha woimbidwa mlandu, ndiponso zinakhala pa mpando woweruza. Kwa munthu wa malamulo, apa ndi pamene pali bala lenileni la mlanduwu, kuposa kukula kwa chindapusa.

Chifukwa chimene lamuloli silinagwire

Chiwerengero cha anthu a ku London chinali pafupifupi 200,000 m'chaka cha 1600, ndipo pofika 1650 chinali chitayandikira 400,000. Zilengezo zoletsa kumanga nyumba zatsopano, zimene zinayamba mu 1580, sizinaimitse kukulaku, ndipo zothamangitsa eni malo nazonso sizinathe. Chifukwa chachikulu n'chakuti chimene chinkawakokera ku London chinali ufumu womwewo.

Makhoti aakulu onse, King's Bench, Common Pleas ndi Chancery, ankakhala ku Westminster Hall m'nyengo zinayi pa chaka, ndipo m'badwo umenewo unali wokonda milandu kwambiri, makamaka ya malo, ya chuma chamasiye ndi ya ngongole. Mwini malo amene sanali pa mlandu chaka chino ankakhala ali pa mlandu chaka chamawa. Boma silikanaletsa munthu kubwera kudzatsata mlandu wake, choncho khomo limeneli linali lotsegula nthawi zonse, ndipo wobwera kudzaonana ndi loya ankatha kukhalitsa. Ana aamuna a mabanja amenewa ankatumizidwa ku Gray's Inn, Lincoln's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple kukaphunzira malamulo ndi makhalidwe a anthu apamwamba, moti ankauzolowera mzinda asanalandire n'komwe malo a makolo awo. Wofuna ngongole yaikulu ankaipeza kwa amalonda ndi osula golide a ku London. Wofuna udindo, ulemu kapena chilolezo cha malonda ankayenera kuonekera kunyumba yachifumu, ndipo James yemweyo, amene ankawathamangitsa, anapatsa anthu mazanamazana ulemu wa knight, umene umachititsa munthu kutchedwa Sir, m'chaka chake choyamba, n'kuyambanso kugulitsa ulemu wa baronet, umene umasiyiridwa mwana, mu 1611 pa mtengo wa mapaundi 1,095.

Panalinso nkhani ya ndalama za pakhomo, imene zilengezo sizinkaitchula. Mitengo ya zinthu inali itakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1500, ndipo kudyetsa antchito makumi angapo ndi aliyense wofika pachipata kunali kodula. Kwa mwini malo wa ngongole, kutseka nyumba yaikulu n'kukachita lendi zipinda zingapo ku London inali njira yopulumutsira chuma, osati yochimwaza. Mfumu inkaona mwanaalirenji mwa onse, pamene ena mwa iwo ankathawa mtolo umene sakanathanso kuusenza.

Pamwamba pa zonsezi, ufumu unkathandiza kumanga malo omwewo amene ankakopa anthuwo. Mu 1609 James anatsegulira yekha New Exchange, nyumba ya masitolo a zinthu zapamwamba imene nduna yake yaikulu Robert Cecil anamanga mumsewu wa Strand. Mu 1631, chaka chimodzi chisanatuluke chilengezo chimene chinagwetsa Palmer, Earl wa ku Bedford, mmodzi wa mabwana aakulu, analipira mapaundi 2,000 kuti apatsidwe chilolezo chomanga Covent Garden motsata mapulani a Inigo Jones, ndipo nyumba zake zinali zoti mukhale anthu apamwamba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1630 chilolezo china chinaperekedwa chomanga ku Lincoln's Inn Fields. Mu 1636 boma linayesa kuchepetsa ngolo za akavalo zahayala zimene zinadzaza misewu, umboni wakuti okwera ake sanapite kulikonse. Boma limene likulandira ndalama kwa omanga nyumba za olemera, kwinaku likulipitsa olemera okhala m'nyumbazo, silingayembekezere kuti anthu akhulupirire kuti cholinga chake ndi kuthandiza osauka a kumidzi, ngakhale cholingacho chitakhala choona.

Mu 1635 John Bankes, amene analowa m'malo mwa Noy monga loya wamkulu wa boma, anakasuma mu Star Chamber anthu oposa 200 nthawi imodzi, kuphatikizapo mabwana a ku House of Lords, ma knight ndi amayi apamwamba. Kuchuluka kwa mayinawo, patangopita zaka zitatu chigamulire mlandu wa Palmer, kukuonetsa kuti mantha a 1632 sanakhalitse. Anthu ankachoka mphepo ikaomba, n'kubwerera ikadutsa, ndipo amene anali ndi abwenzi kunyumba yachifumu ankapeza zilolezo.

Chaka chomwecho cha 1635, ku Japan, boma la Tokugawa Iemitsu linakhazikitsa lamulo lotsutsana ndi limeneli, lokakamiza mabwana a zigawo kuti azikhala ku Edo, likulu la bomalo, chaka china n'kubwerera kwawo chaka china, akazi ndi ana awo atatsala kulikulu. Patapita zaka, Louis XIV wa ku France anakokera mabwana ake ku Versailles, kumene anasamutsira boma mu 1682. Olamulira amenewo ankaopa mabwana okhala kutali ndi maso awo. Mafumu a ku England ankaopa midzi yopanda mabwana, chifukwa analibe wina woti awagwirire ntchito kumeneko.

Zimene zinatsatira

Kutumiza munthu kwawo kunali ndi mbali ya ndale imene eni malo sanaiiwale. Chakumapeto kwa 1625 Charles anasankha Edward Coke, Thomas Wentworth ndi ena amene ankamuvutitsa m'Nyumba ya Malamulo kuti akhale ma sheriff, podziwa kuti udindowo udzawamangirira m'zigawo zawo n'kuwalepheretsa kukhala nawo pa msonkhano wa 1626. Choncho pamene chilengezo cha 1632 chinatuluka, Nyumba itatsekedwa, panali chifukwa chokayikira kuti mfumu sikufuna kuti anthu odziwa malamulo ndi okhala ndi chuma azikumana pamalo amodzi n'kumakambirana. Sindikhulupirira kuti chimenechi ndicho chinali cholinga chachikulu, pakuti zilengezo zotere zinayamba kalekale m'zaka za njala, koma kukayikirako kunali ndi pogwira.

Ndiponso ntchito imene obwerera kwawo anaipeza sinali yogawa chakudya yokha. Kuyambira 1635 msonkho wa zombo zankhondo, umene kale unkaperekedwa ndi madera a m'mphepete mwa nyanja, unafalitsidwa m'dziko lonse popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, ndipo otolera ake anali ma sheriff, ochokera m'gulu lomweli la eni malo. Iwowa ndiwo ankamva madandaulo a alimi, kulanda ng'ombe za olephera kulipira, ndi kuyankha makalata aukali ochokera kwa nduna. John Hampden wa ku Buckinghamshire atakana kulipira, majaji 7 mwa 12 anagamula mokomera mfumu mu 1638, koma kugawanika kwa majajiwo kunakambidwa m'chigawo chilichonse. Mu 1639, nkhondo ndi Scotland itayandikira, Charles analamulanso eni malo a kumpoto kuti abwerere kwawo kukateteza malire. Mfumu inkafunadi eni malo okhala pakati pa anthu awo, odziwika ndi omveredwa m'madera mwawo, ndipo ambiri mwa amene anali otero ndiwo anasankhidwa kukhala aphungu mu 1640.

Nyumba ya Malamulo imeneyo inathetsa Star Chamber mu Julayi 1641. Khotilo litachoka, panalibenso bwalo limene likanalanga munthu chifukwa chonyozera chilengezo chopanda lamulo kumbuyo kwake, ndipo ndondomeko yothamangitsa eni malo ku London inatha mphamvu. Ntchito yosamalira osauka inapitirira kudzera mu msonkho wa m'maparishi wa lamulo la 1601. Ufumu, umene unathetsedwa pambuyo pa nkhondo yapachiweniweni, utabwezeretsedwa mu 1660, Charles II anapatsa Henry Jermyn malo pafupi ndi nyumba yachifumu ya St James, pamene Jermyn anamangapo St James's Square, ndipo Earl wa ku Southampton anayala Bloomsbury Square m'zaka zomwezo. Mabanja olemera anakhazikika pa chizolowezi chogawa chaka pawiri: nyengo yozizira ndi ya misonkhano ya Nyumba ya Malamulo ku London, nyengo yotentha ndi yokolola kumidzi.